Ojambula pulani ndi omanga akakhala khomo limodzi: momwe zinandiyendera ku Chinamwali

Poloti yanga ili ku Chinamwali mumzinda wa Zomba, pamalo otsetsereka moti wilibala ukangoitaya m'manja imapita yokha. Achimwene anga pomanga ku Matawale anagula pulani kwa munthu wina, ntchito n'kupatsa mmisiri wina. Khoma litang'ambika, wojambula ankati mmisiri sanatsate pulani, mmisiri ankati pulaniyo inali yosamangika, ndipo ndalama zokonzera zinachokabe m'thumba mwa achimwene. Choncho nditamva za kampani ina mtauni muno yomwe imajambula n'kumanganso yokha pa mgwirizano umodzi, ndinati ndiyeseko.

Anabwera anthu atatu kudzaona malo, wojambula, injiniya ndi foromani. Munali mu April 2023, namondwe wa Freddy atangodutsa mwezi wathawo, ndiye njira za madzi zinali poyera, zigwembe zili yasa. Ine ndinali ndi chithunzi cha nyumba yomwe ndinaisirira pa Facebook. Foromani anachiyang'ana n'kuseka, amvekere: "Mayi, iyitu ndi ya pachidikha. Tikaiika pano, ndalama zanu zithera m'maziko." Anakangana okhaokha ine ndili pomwepo, wojambula akufuna khonde lalitali loyang'ana kuphiri, foromani akuwerenga matumba a simenti omwe khondelo lingadye. Mapeto ake anajambula nyumba yotsika ndi masitepe atatu pakati, kutsata kutsetsereka kwa malo, ndi ngalande ya miyala kumtunda yopatutsa madzi. Mkangano umenewo ndi umene ndimaona kuti ndinalipirira, chifukwa unachitika simenti isanagulidwe. Za kukhonsolo ya mzinda anayendetsa okha, ine ndinangosayina.

Mu November chaka chomwecho kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ife tili pa lintala. Mitengo ya simenti ndi malata inakwera tikuona. Ndinkaganiza kuti basi, nyumba iima pomwepo ngati zambiri zomwe zamera udzu m'katimu kuno. Koma poti wojambula ndi womanga amagwira ofesi imodzi, pasanathe sabata anabwera ndi denga lina losavuta, lopanda makona ambiri, lodya matabwa ndi malata ochepa. Galaja tinaichotsa, n'kusiya malo ake kuti ndidzamange mtsogolo. Galimoto yake ndilibenso, kunali kulota chabe.

Tsopano pomwe zinandiwawa. Pamndandanda wa zipangizo panalembedwa malata a geji 28, nambala yosonyeza kukhuthala kwa lata. Tsiku lomwe anafika malatawo kunali amalume anga, omwe anakalambira pa ntchito ya ukalipentala. Ananyamula lata limodzi, kuligwedeza, kulipinda pang'ono pakona ndi chala, n'kundiitanira pambali. "Mwana wanga, awa si 28. Awa ndi opyapyala, 30." Ine ndinkaona ngati nambala yaikulu ndiye lata lokhuthala, osadziwa kuti n'zosemphana. Ndikadafunsa ndani? Wojambula, yemwe kwa achimwene akadakhala diso la mwini nyumba, kuno amalandira malipiro kwa bwana yemweyo wogula malata. Nditamuimbira anangoti afunsa kuofesi. Bwanayo anati kusitolo ndiko kunasokonekera. Kaya. Anawabweza ndithu n'kubweretsa oyenera, koma panapita masabata awiri mvula ikugwera m'nyumba yopanda denga, ndipo amalume akadapanda kubwera tsiku limenelo, bwenzi atakhomedwa.

Kuchokera pamenepo ndinasintha kalipiridwe. Sindinkatulutsanso ndalama gawo lisanathe, ndipo amalume ankayamba aona kaye: kasakanizidwe ka simenti ndi mchenga, mabuloko ngati athiriridwa mokwanira, mankhwala a chiswe pamatabwa. Foromani poyamba ankanyinyirika, koma kenako anazolowerana, mpaka ankagawana chinangwa chootcha masana.

Pulasitala ndi wosalala, zitseko zimatsekeka bwino, koma matailosi a kubafa anaikidwa mothamanga ndipo madzi amadikha pakona. Ndawaimbira kawiri, akuti abwera. Ngalande ija ndiye sindinganene kanthu, mvula ya chaka chatha yonse inadutsa m'mbali, pakhonde pali gwa.

Mnzanga wa kuntchito wagula malo ku Sadzi, nakonso n'kotsetsereka, ndipo wandifunsa ngati angapite kwa omwewa. Ndamuuza kuti apite, koma geji ya malata, kukula kwa zitsulo ndi mtundu wa simenti zilembedwe mumgwirizano, asayine onse. Wandipemphanso kuti ndimubwereke amalume, koma iwo akuti mawondo akuvuta, ku Sadzi sangakwereko wapansi pokhapokha awatumizire njinga yamoto.