Kamera ilibe mlandu, koma batire inandichititsa manyazi

Alamu anga anandifunsa dzulo ngati angagule kamera ngati yanga kuti azijambula m'maukwati. Ndinawauza kuti adikire kaye ndilembe, nkhani yake si ya pa foni.

Yanga ndi Canon EOS 1300D, mtundu womwe unatuluka mu 2016. Ndinaigula yogwirapo kale ntchito pa shopu ina ku Limbe, patha miyezi 10 tsopano, pamodzi ndi lenzi ya 18-55mm. Masana zithunzi zake n'zosayamba, ma megapixel 18 aja amakwanira ngakhale pa chithunzi chachikulu chopachika pabalaza. Wi-Fi yake imatumiza zithunzi pa foni, kasitomala amaziona pomwepo. Muholo ya mdima imavutika, ISO (nambala yomwe umakweza kuti kamera ione mumdima) ikafika 3200 nkhope zimaoneka ngati zawazidwa mchenga, koma izo ndinazolowera.

Chimene chinandipsetsa mtima ndi batire. Batire ya kamerayi, yotchedwa LP-E10, ikakhala yeniyeni imayenera kujambula zithunzi pafupifupi 500. Yanga inkangofika 100 n'kuyamba kuphethira. Ndinkati mwina sindikuichaja mokwanira, poti magetsi kwathu ku Ndirande mukuwadziwa. Ndiye tsiku lina ndili pa chinkhoswe ku Chilomoni, ankhoswe aimirira kuti apatsane nkhuku, akuchimuna tambala ali m'manja, nthungululu zili pakamwa, ine ndagwada kutsogolo kuti ndijambule bwino. Kamera thi! Kutsegula kachitseko ka pansi kuti ndiitulutse, batire yatupa, yakanirira. Ndinachita kuikoka ndi chikhadabo thukuta lili kamukamu. Mayi a mkwatibwi anangoti, "Achimwene, mwajambula koma?" Ndinamalizitsa mwambowo ndi foni, ndipo ndalama anandidula theka. Sindinatsutse.

Mnyamata wina wokonza makamera m'tauni anaika batire yanga m'dzanja limodzi, yeniyeni m'dzanja linalo. Yanga yopepuka ngati chikoko cha mtedza, zilembo zake zofufutika. Ya feki. Nditabwerera ku Limbe, wogulitsa uja, yemwe tsiku logula ankanditchula kuti bwana mpaka kundiperekeza pakhomo, anangondilozera pepala la pakhoma loti katundu wogulidwa sabwezedwa. Akuti mwina ndinaisintha ndekha. Lisiti anandipatsa lija linangolembedwa kuti kamera, za batire mulibe.

Sabata imeneyo ndikanapeza wogula ndikanaigulitsa kamerayo. Koma nditagula mabatire awiri enieni yakhala ikugwira tsiku lonse, kuyambira kutchalitchi mpaka perekaniperekani kutha. Chowawa ndi mtengo. Chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse chochokera kunja ukamva mtengo umayamba wakhala pansi, ndipo mabatirewo anadya phindu la maukwati awiri.

Ndiye alamu, kamerayo gulani, ndalama yanga yabwerera ndithu. Koma pa shopu ija ayi, ndipo musanapereke ndalama tulutsani batire muione, nambala yake ailembe pa lisiti inu muli pomwepo.