Chamba cha mafakitale kapena cha mankhwala: gulu lanu litenge laisensi iti?

Anzanga a m'makopaletivi, amene mukuganiza zolowa ulimi wa chamba chovomerezeka muli ndi makomo awiri, ndipo onse makiyi ake ali ku bungwe la Cannabis Regulatory Authority (CRA), lomwe linabadwa Nyumba ya Malamulo itavomereza lamulo la Cannabis Regulation Act mu Febuluwale 2020. Khomo lina ndi la chamba cha mafakitale, chomwe amachilimira njere ndi luzi. Linalo ndi la chamba cha mankhwala, chomwe chuma chake chili m'maluwa. Kusuta sikuli pa khomo lililonse mwa awiriwa, ndipo wolima wopanda chiphaso apolisi akamupeza ndi mlandu ngati kale.

Ambiri amayambira pa mtengo wa chiphaso, ndiye tiyambire pomwepo. Pomwe mitengo inkalengezedwa mu Novembala 2020, laisensi yolima chamba cha mafakitale inali madola 2,000 a ku America, ya mankhwala madola 10,000. Onani kuti mitengoyi ndi ya m'madola. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, choncho gulu lomwe linawerengera zosonkha zake m'makwacha chaka choyamba chija linapezeka kuti thumba laperewera lisanagule n'komwe mbewu. Musanasonkhetse anthu, pitani mukafunse mtengo wa lero, mufunsenso ngati ntchito ina yomwe mukufuna kuchita, monga kufinya mafuta kapena kutumiza kunja, ikufuna chiphaso chakechake.

Komabe kusiyana kwa madola 8,000 kumeneku ndi kochepa mukakuyerekeza ndi zomwe zimadza pambuyo pake.

Chamba cha mankhwala sichilimidwa ngati chimanga. Chofunika ndi mitengo yaikazi yokhayokha, chifukwa duwa likalandira mungu limayamba kupanga njere ndipo mphamvu ya mankhwala imatsika. Ndiye tsiku ndi tsiku pamafunika munthu wodutsa mzere ndi mzere, kuwerama pa mphanda ya nthambi iliyonse kufufuza timipira tating'ono ta mtengo wamphongo, n'kuuzula tisanatseguke. Mungu wake ndi wopepuka, mphepo imaunyamula mtunda wautali. Amene muli m'madera ngati Nkhotakota, komwe chamba cha makolo sichisowa m'mapiri, ganizirani zimenezi kawiri. N'chifukwa chake olima mwaukadaulo amamanga magirinihausi. Onjezerani mpanda, alonda, madzi othirira, malo oumitsira aukhondo, kuyezetsa ku labotale, ndi kaundula wosonyeza komwe kilogalamu iliyonse yapita. Wogula wa ku Ulaya amafuna umboni woti munatsata ndondomeko zomwe amazitcha GACP kumunda ndi GMP pokonza, ndipo popanda mapepala amenewa maluwa anu, ngakhale akongole bwanji, sawayang'ana.

Msika wakenso unasintha. America italoleza chamba cha mafakitale mu 2018, alimi a kumeneko analima chochuluka kwambiri pofuna CBD, mankhwala osaledzeretsa ochokera m'maluwa ake, ndipo pofika 2020 mtengo unali utagwa kotheratu. Masamu ambiri okoma omwe ankayenda pa WhatsApp nthawi imene lamulo lathu linkadutsa anali a mitengo ya kale ija.

Cha mafakitale ndiye chikufanana ndi ulimi womwe tinazolowera. Chimafesedwa pamtetete mothithikana, chachimuna ndi chachikazi pamodzi, ndipo chikamera bwino chimaphimba udzu chokha. Lamulo lathu limati THC, chinthu choledzeretsa chija, isapitirire 1 peresenti. Apa opanga lamulo anatiganizira, chifukwa ku America anaika 0.3, malire omwe mbewu ya kumalo otentha imawadumpha mosavuta. Koma 1 peresentiyo si chilolezo chobzala njere zilizonse. Mbewu yosadziwika gwero lake ikayezedwa n'kupezeka kuti yapyola, munda wonse wasanduka chamba wamba pamaso pa lamulo.

Nkhani ya mbewu ili ndi msampha wina womwe ogulitsa satchula. Chamba chimachita maluwa masana akayamba kufupika. Mitundu yambiri ya ku Ulaya ndi Canada inazolowera masana a maola 15 kapena 16 m'chilimwe chawo, pomwe kuno amangofika pafupifupi maola 13 ngakhale mu Disembala. Mukaibzala kuno imaona ngati nyengo yatha, n'kuthamangira kuchita maluwa ikadali m'mawondo. Wofuna luzi walira pamenepo, poti luzi limafuna phesi lalitali. Kafukufuku yemwe kampani ya Invegrow inachita ndi boma ku malo ofufuzira za ulimi a Chitedze kuyambira 2015 anali wofuna kuona mitundu yogwirizana ndi dziko lino, ndiye wogulitsa mbewu akabwera mumufunse dzina la mtunduwo, ndi komwe unayesedwa kuno kwathu.

M'kati mwa laisensi ya mafakitale momwemo mulinso kusankha. Luzi limamveka bwino pokamba, poti amapangira zingwe, nsalu, mapepala ngakhale zomangira nyumba, koma mapesi amayenera kuvunditsidwa kaye, kenaka kudutsa m'makina olekanitsa luzi ndi chimtima. Mapesi ndi katundu wodzadza lole koma wopepuka mtengo, moti fakitale ikakhala kutali phindu lonse limathera pa transipoti. Njere ndi zina. Zimalowa m'thumba, zimasungika mukaziumitsa bwino, mafuta ake amadyedwa ndi kupangira zodzola, ndipo gaga wotsala ndi chakudya cha ziweto. Mdani wake wamkulu ndi mbalame, komanso kuyoyoka mukachedwa kukolola.

Pali chinthu chimodzi chomwe makomo onse awiri akufanana, ndipo ife ozolowera fodya chimatipweteka. Fodya, ngakhale mitengo ikhale yoliza, ali ndi okushoni ku Kanengo, Limbe, Chinkhoma ndi Mzuzu. Soya akakanika kwa wogula wamkulu, venda ali ndi sikelo yake pa msika. Chamba chilibe okushoni, ndipo simungachigulitse kwa aliyense wodutsa. Wogula wanu akasowa, matumba amangokhala m'nyumba, chiphaso chikutha masiku.

Maganizo anga ndi awa. Laisensi ya mankhwala isiyireni kampani yomwe ili ndi mpamba wokwanira kudikira zaka zingapo isanaone phindu, yomwenso ili kale ndi wogula kunja. Kopaletivi ya alimi a maekala awiri kapena atatu ikalowa kumeneko ndi ndalama zosonkherana, ikugula ngongole. Ngati gulu lanu latsimikiza mtima, tengani ya mafakitale, mulimire njere, muyambe ndi malo ochepa osachotsa chimanga ndi soya. Ndipo musanapereke tambala ku CRA, wodzagula njere zanu asaine kontirakiti yotchula mtengo pa kilogalamu, yemwe abweretse mbewu, yemwe alipire zoyezetsa, ndi yemwe aluze THC ikapyola malire. Mumupemphenso akuonetseni laisensi yake, mukaitsimikize nokha ku ofesi ya bungweli ku Lilongwe.