Kasitolo ka ku Mbare komwe kanandipulumutsira makaseti a bambo anga

Bambo anga atamwalira, m'sutikesi yawo yomwe inkakhala pansi pa bedi kunyumba kwathu ku Mufakose tinapezamo makaseti 23 atakulungidwa bwino m'chitenje chakale cha mayi. Kwa zaka zingapo ndinkangowasuntha kuchoka pa shelefu ina kupita pa ina, chifukwa wailesi yoyimbira makaseti inatha kalekale m'nyumba mwathu, ndipo ndinkaopa kuwapereka kwa munthu wamba kuti angawawononge. Mlamu wanga ndi amene anandiuza za kasitolo kena ka ku Mbare komwe amasamutsa nyimbo za pa kaseti n'kuziika mu fulashi kapena mu memole khadi. Ndapitako maulendo angapo tsopano, ndipo ndaona kuti n'koyenera kufotokozera anzanga olankhula Chichewa mu Harare muno zimene ndinapezako, zabwino ndi zofooka zomwe, popeza ndikudziwa kuti sutikesi ngati ya bambo anga ilipo m'makomo ambiri a ku Highfield, ku Mabvuku, ku Tafara ndi ku Dzivarasekwa.

Kasitoloko kali patali pang'ono ndi Mbare Musika, mtunda woyenda pansi kwa mphindi zochepa mukamalowera cha ku bwalo la Rufaro. Ndi kachipinda kamodzi kopanikizika, kokhala ndi benchi imodzi, tebulo lomwe pali makina oyimbira makaseti ndi kompyuta yakale, ndiponso mashelefu odzaza ndi makaseti, ma CD ndi mbale zingapo za galamafoni. Mwini wake ndi bambo wachikulire wa imvi, wolankhula mofatsa. Tsiku loyamba tinalonjerana m'Chishona monga timachitira tonse mumzinda uno, koma atamasula chitenje chija n'kuwerenga zimene bambo anga analemba ndi cholembera pa makasetiwo, anakweza maso n'kundifunsa m'Chichewa kuti, "Kodi kumudzi n'kuti, mwana wanga?" Ndinayankha kuti, "Ndi ku Ntcheu, bambo, ngakhale kuti ine ndinabadwira konkuno." Iwo anati makolo awo anachokera ku Dedza pa nthawi ya Mthandizi, bungwe lomwe linkatenga anthu ku Malawi kudzagwira ntchito kuno, nakagwira ntchito m'mafamu a fodya a ku Mazowe, ndipo kuyambira pamenepo sitinabwererenso ku Chishona.

Chimene chinandipatsa chikhulupiriro n'chakuti sanathamangire kuponya kaseti m'makina. Anatenga imodziimodzi, kuiyang'ana pa kuwala kwa pawindo, n'kuizunguza pang'onopang'ono ndi cholembera kuti aone ngati tepi yamatirirana kapena yachita chuku. Anandifotokozera kuti kaseti ikakhala zaka zambiri osayimbidwa, tepi yake imagwirana, ndipo ukaiyimba mwadzidzidzi imaduka kapena kudyedwa ndi makina. Anandionetsanso kansalu kakang'ono kofewa kamene kamakhala kuseri kwa tepi, komwe ntchito yake ndi kukanikizira tepiyo ku mutu wa makina, ndipo anati guluu wake akauma kansaluko kamagwa, mawu n'kumamveka ngati akuchokera pansi pa madzi. Makaseti anga anayi anali ndi vuto limeneli.

Imodzi mwa anayiwo inali ya Allan Namoko ndi Chimvu River Jazz Band, yomwe bambo anga ankaikonda kuposa ina iliyonse. Ndinaima pambali n'kumaonerera mkuluyo akumasula timasikuluwu tisanu ta m'chikombole chake, akunyamula tepiyo ndi nsonga za zala ngati akunyamula mwanapiye, n'kuisamutsira m'chikombole china chabwino chomwe anachitenga m'katoni ya makaseti otha ntchito. Pamene tepi inaphwanyika anadulapo kachidutswa kochepa kwambiri ndi lumo, n'kulumikiza mbali ziwirizo. Kenaka anapukuta mutu wa makina ndi thonje loviika mu sipiriti, nayamba kuyimba kasetiyo uku akupotoza kasikuluwu kena ka pambali pa mutuwo mpaka kulira kwa banjo kunatuluka bwinobwino. Namoko anali woyimba wosaona wa ku Thyolo, ndipo anamwalira mu 1995, koma mawu ake atadzaza m'kachipindamo ndinawaona bambo anga ali khale pa mpando wawo wa pakhonde Lamlungu masana, akupukuta nsapato za ku ntchito, phazi likugunda pansi motsatira ng'oma. Ndinalephera kulankhula kwa kanthawi, ndipo mkuluyo sanandifunse kanthu, anangotsitsako pang'ono mawu a sipika.

Makaseti ambiri a bambo anga anachokera ku Malawi, ena adakali ndi mapepala ake osonyeza kuti anagulidwa kwa O.G. Issa, ndipo ankabwera nawo ndi abale okwera basi yodzera ku Mwanza, ku Tete ndi ku Nyamapanda. Panali a Paul Banda ndi Alleluya Band ya ku Balaka, panali chimbale choyamba cha mng'ono wawo Lucius Banda, Son of a Poor Man, komanso Kuimba 1 ya Evison Matafale. Ena anali a konkuno, a Khiama Boys ndi a Leonard Dembo. Mwini sitoloyo ankawadziwa onsewa popanda kuwerenga pa chikuto, ndipo pa kaseti ina yomwe inalibe dzina lililonse anangomvera gitala kwa mphindi imodzi n'kunditchulira gulu lake. Luso limeneli silipezeka kwa anyamata odzaza nyimbo m'mafoni m'misewu ya m'tauni, ndipo ndi limene likundichititsa kunena kuti ndalama yanga inapita pamalo oyenera.

Pakati pa makasetiwo panali imodzi yomwe sinali ya nyimbo konse. Inali uthenga wa mawu umene agogo anga aakazi anajambulitsa kumudzi n'kutumiza kwa mwana wawo kuno, monga ankachitira anthu ambiri osadziwa kulemba mafoni asanafale. Mawu a agogo atangoyamba kupereka moni ndi kutchula mayina a abale, mkuluyo anazimitsa sipika msangamsanga, navala zomverera za m'makutu, n'kundiuza kuti, "Izi ndi za kunyumba kwanu, mukamvere nokha ndi mayi anu." Pa benchi panali anthu atatu, ndipo palibe anamvapo nkhani ya banja lathu. Ulemu wotere sunalembedwe pa mtengo wa ntchito, koma kwa ine unalemera kuposa china chilichonse chimene ndinalandira pamalopo.

Mtengo wake ndi dola imodzi pa kaseti yabwinobwino, ndi madola awiri pa kaseti yofunika kukonzedwa, ndipo fulashi mumabwera nayo nokha. Poganizira kuti kaseti imayenera kuyimbidwa yonse kuyambira koyamba mpaka kumapeto, mphindi 60 kapena 90 malinga ndi kutalika kwake, mtengowu ndi wotsika. Amalandira madola a ku America pamanja kapena kudzera pa foni.

Amene akufuna kuona moyo weniweni wa kasitoloka apiteko Loweruka masana. Pa nthawi imeneyi benchi imadzaza, ena amakhala pa makatoni panja, ndipo sipachedwa kubuka mtsutso wa zimbale. Tsiku lomwe ndinakatenga gawo loyamba la ntchito yanga ndinapeza akukambirana za Alick Macheso. Bambo wina woyendetsa kombi ankaumirira kuti palibe chimbale cha sungura, nyimbo zovina za magitala za kuno ku Zimbabwe, chimene chingafanane ndi Simbaradzo cha mu 2000, ndipo anafotokoza kuti pamene nyimbo ya Mundikumbuke inkalira m'mabasi ndi m'mabala onse a mumzinda uno, iye kwa nthawi yoyamba anasiya kutsitsa mawu polankhula Chichewa pagulu. Anati ali mwana anzake ankamuseka kuti ndi mwana wa achimwene wopanda kwawo, koma chaka chimenecho omusekawo ndi amene ankamufunsa tanthauzo la mawu a nyimboyo. Mkulu wina wovala chipewa anamutsutsa mwaulemu, nati mwana sangapose bambo ake, popeza Macheso anakulira m'manja mwa Nicholas Zakaria mu Khiama Boys, momwe ankayimba gitala ya besi asanakayambitse Orchestra Mberikwazvo, ndipo Zakaria anali atayamba kale kuyimba m'Chichewa pamaso pa anthu a kuno. Ine maganizo anga ali kwa mkulu wa chipewayo, ngakhale ndikuvomereza kuti besi ya Macheso ilibe inzake.

Mayi wina wogulitsa zovala ku Mupedzanhamo sanafune kumva za sungura n'komwe. Iye anati atamva za imfa ya Lucius Banda mu June 2024 anatseka malonda ake tsiku lonse, chifukwa nyimbo za Soja ndi zimene zinkamuuza za kwawo kumene sanapondeko kuyambira ali mtsikana. Wina anakumbutsa za Matafale, amene anamwalira mu November 2001 ali m'manja mwa apolisi atangotulutsa zimbale ziwiri zokha, ndipo panakhala kachetechete kwa kanthawi. Mwini sitoloyo salowerera kwambiri m'mitsutso imeneyi, koma tsiku limenelo anatiuza chinthu chimene ambiri a ife sitinkachidziwa, chakuti Daniel Kachamba, katswiri wa gitala wa ku Chileka amene anamwalira mu 1987, anakhalako mumzinda uno ali mnyamata, pa nthawi yomwe unkatchedwa Salisbury ndipo bambo ake ankagwira ntchito kuno. Anati nyimbo zakhala zikuyenda mbali zonse ziwiri pa msewu wa ku Tete kuyambira kale, ndipo kenaka anaika kaseti ya Oliver Mtukudzi kuti anthu apume.

Zofooka zilipo, ndipo sindingazibise. Chachikulu ndi kuchedwa. Anandilonjeza kuti ntchito yonse itha m'sabata imodzi, koma inatenga masabata atatu, ndipo ulendo wina ndinakwera makombi awiri n'kukapeza kuti palibe chimene chachitika kuyambira pomwe ndinachokera. Chifukwa chake n'chomveka, popeza makina ndi amodzi okha ndipo magetsi akazima ntchito imaima, chifukwa kabatire ka sola komwe ali nako sikakhalitsa. Komabe zikanakhala bwino akanamanena tsiku lenileni, kapena kutumiza uthenga pa foni kuti munthu asaononge ndalama yoyendera. Chachiwiri n'chakuti sapereka lisiti. Amangolemba dzina lanu ndi chiwerengero cha makaseti m'kope la sukulu, ndipo ngakhale kuti anga onse anabwerera, mtima sunakhale m'malo posiya chuma cha malemu bambo anga popanda kapepala kalikonse m'manja. Ndikulangiza aliyense kuti ajambule makaseti ake pa foni asanawasiye, ndiponso kuti agwiritse chikwama chake podutsa m'chigulu cha anthu cha pa Musika.

Pa nyimbo zenizenizo, ndinapeza kuti mbali iliyonse ya kaseti amaiika ngati chinthu chimodzi chachitali, moti ukafuna nyimbo yachinayi uyenera kuisakasaka wekha. Amatha kuzidula imodziimodzi n'kulemba mayina ake ngati mwawapempha, koma ine sanandiuze zimenezi poyamba, ndipo ndinazidziwa ntchito itapita kale patali. Makaseti ena anatuluka ndi mawu okwera, ena otsika, zomwe zimatopetsa mukamamvera motsatizana. Kaphokoso ka tepi kaja kosokosera pansipansi sakachotsa, ndipo nditafunsa anati ukakachotsa mwamphamvu pa kompyuta umachotsa pamodzi ndi kukoma kwa gitala. Poyamba sindinakhutire, koma nditamvera kunyumba ndinagwirizana nawo. Makaseti awiri sanatheke n'komwe chifukwa chuku chinali chitadya tepi, ndipo pa amenewa sanandilipiritse kanthu.

Za malonda a m'mashelefu ndinene mwachidule. Nyimbo za kuno zotulutsidwa ndi makampani a Gramma Records ndi ZMC (Zimbabwe Music Corporation) zilipo zambiri, ndipo n'zenizeni, zokhala ndi zikuto zake, koma za ku Malawi n'zochepa kwambiri, moti wofuna chimbale china chake angabwerere chimanjamanja. Mkuluyo amakananso kudzaza fulashi ndi nyimbo zatsopano za oyimba amene akugulitsa ntchito yawo lero, ndipo ndinaona mnyamata wina akutuluka atakhumudwa pa chifukwa chimenechi. Iwo amangosamutsa zimene munthu wabwera nazo yekha. Ine ndikuwayamikira pa mfundo imeneyi, chifukwa tonse tinaona mmene ma CD okopera a m'misewu anagwetsera malonda a oyimba athu, ena mpaka kukalamba ali manja lende pamene nyimbo zawo zikulira m'nyumba iliyonse.

Fulashi ndinakaipereka kwa mayi ku Mufakose, ndipo uthenga wa agogo uja tinaumvera awiriwiri chitseko chili chotseka. Azakhali anga a ku Chitungwiza atamva nkhaniyi anatulutsa makaseti awo asanu ndi awiri, ambiri a makwaya a mpingo, ndipo ndinawasiya kusitoloko Loweruka lapitali. Ulendo uno ndapempha kuti nyimbo azidule imodziimodzi, ndawasiyira nambala yanga ya foni m'kope muja, ndipo tagwirizana kuti ndidzawatenge kumapeto kwa mwezi.