Kuyezetsa metanephrine: kumathandiza, koma sikufuna phuma

Wodwala wafika ndi ululu wa pachifuwa, ECG (makina oyeza kagundidwe ka mtima) ikusonyeza ngati mtsempha watsekeka, koma akajambula mitsempha ya mtima amapeza ili bwinobwino. Chipinda chakumanzere cha mtima chafufuma ngati mbiya yogwirira octopus, n'chifukwa chake madokotala a ku Japan anawatcha matendawa takotsubo, dzina la mbiyayo, mu 1990. Ambiri amangoti ndi nkhawa kapena chisoni cha maliro. Koma nthawi zina gwero lake ndi chotupa cha pheochromocytoma, chomera mu kachiwalo ka adrenal pamwamba pa impso, chimene chimakhuthulira adrenaline (homoni yofulumizitsa mtima) wochuluka m'magazi mwadzidzidzi.

Apa ndi pamene kuyeza metanephrine, chotsalira cha adrenaline akaphwanyidwa m'thupi, kumaposa kuyeza adrenaline weniweniyo. Adrenaline amatuluka mwa apo ndi apo, pomwe metanephrine amatuluka m'chotupacho nthawi zonse. Ngati wodwala takotsubo ndi wachichepere, matenda abwereza, kapena amagwidwa ndi mutu, thukuta ndi kugunda kwa mtima BP ikukwera ndi kutsika, ayezedwe basi.

Vuto lake ndi katengedwe ka magazi. Munthu asadye kuyambira usiku, asamwe khofi, asasute fodya, ndipo agone chagada mphindi 20 mpaka 30 asanabayidwe. Chubu chiikidwe pa ayezi. Malabu ambiri amatenga magazi munthu atakhala pampando, zotsatira n'kukwera popanda chotupa. Mankhwala a matenda okhumudwa monga amitriptyline ndi venlafaxine, komanso mankhwala a chimfine okhala ndi pseudoephedrine amanamizanso. Ngakhale kudwala kwakayakaya pakokha kumakweza manambala, choncho zotsatira za munthu ali ku ICU sizidalirika; ayezedwenso atachira.

Njira ina, yoyeza metanephrine mu mkodzo wa maola 24, ndi yosavuta kwa labu, koma imavutitsa wodwala. Mkodzo woyamba m'mawa umatayidwa, wina wonse umasungidwa m'chigubu mpaka woyamba wa mawa lake. Ukaiwala kamodzi, ntchito yonse yawonongeka.

Manambala akapitirira malire kawiri kapena katatu, pamenepo ndiye kujambula pamimba ndi makina a CT. Chenjezo kwa opereka mankhwala: mankhwala a mtima ndi BP a propranolol kapena atenolol paokha, chotupa chisanatsimikizidwe kuti palibe, angakwezeretu BP. Kumayamba mankhwala otakasula mitsempha a doxazosin kapena phenoxybenzamine, masiku 7 mpaka 14 opaleshoni yochotsa chotupacho isanachitike.