Tindodo tochotsa magetsi pa ndege yanga patatha miyezi 14

Sabata yatha mnzanga amene wangogula kumene ndege yaing'ono anandifunsa ngati tindodo timene ndinaikitsa kumapiko tinathetsadi phokoso la m'wailesi. Ndinalephera kumuyankha mwachidule, chifukwa tsiku lomwelo ndinali nditangolipira bilu yachitatu yokhudza nkhani yomweyi, choncho ndaona kuti ndi bwino ndifotokoze zonse mwatsatanetsatane.

Tindodo timeneti, timene amisiri amatitcha static wick, timamangidwa kumphepete yakumbuyo ya mapiko ndi ya mchira. Ndege ikamadutsa m'mitambo ya madzi oundana, m'chipale chofewa, mumvula kapena m'fumbi, kukhulana kwa thupi lake ndi tizidutswa timeneti kumasiya magetsi pachitsulo, ndipo magetsiwo amaunjikana mpaka kufika mavolti masauzande ambirimbiri. Akachuluka amafuna potulukira, ndipo amathamangira pamalo osongoka, monga nsonga ya eriyo. Akamathetheka pamenepo, wailesi imadzaza ndi phokoso moti mawu a oyang'anira kayendedwe ka ndege samveka. Ntchito ya tindodo ndi kupatsa magetsiwo khomo lina kutali ndi eriyo, ndipo mkati mwake muli chopinga chachikulu kuti azituluka pang'onopang'ono kudzera kunsonga, mopanda kusokoneza wailesi.

Zimene zinayenda bwino sizifuna mawu ambiri. Singano ya ADF, chipangizo cholozera kumene kuli siteshoni ya wailesi ya pansi, imene imagwira ntchito pakati pa 190 ndi 1750 kHz ndipo ndiyo imavutika msanga ndi magetsi amenewa, inasiya kuyendayenda m'mitambo. Wailesi yoyamba mwa mawailesi awiri a ndegeyi inayamba kumveka bwino. GPS sinavutikepo chiyambire, popeza mafunde ake ali pamwamba kwambiri, pa 1575.42 MHz. Palibe kandodo kamene kanagwa m'mlengalenga.

Vuto linabwera m'mwezi wachisanu, ndipo linali pa wailesi yachiwiri, imene eriyo yake ili chakumchira. Ndinali kutsika m'mtambo wozizira, tizidutswa ta ayezi tikuwomba pagalasi ngati mchenga, pamene m'mahedifoni munayamba kumveka kuti the, the, the. Posakhalitsa kunasanduka mkokomo wosalekeza, ndipo woyang'anira anabwereza malangizo kawiri ndisanamve kuti akundiuza kutalika koti ndiimepo. Manja anga anachita thukuta, chifukwa kunja sikunkaoneka kanthu ndipo chimene ndinkadalira chinali mawu amenewo. Nditatuluka pansi pa mtambo phokoso linatha lokha, ngati munthu wazimitsa. Chinthu chimodzi ndinachizindikira koma sindinachilabadire: ndikakoka chiwongolero pang'ono, kamvekedwe ka phokoso kankasintha.

Makaniko woyamba anayeza kandodo kalikonse ndi mita ya mavolti 500. Tindodo ta mtundu umenewu timayenera kuonetsa chopinga cha pakati pa 6 ndi 200 megaohm (muyeso wa mmene chinthu chimapingira magetsi), ndipo tonse tinali m'malire amenewo kupatula kamodzi ka kumchira, kamene kanali kataduka mkati ngakhale kunja kankaoneka katsopano. Tonse tinakhulupirira kuti tapeza gwero la vuto.

Apa mpamene ndinayamba kulimbana ndi ogulitsa. Kalata yanga yoyamba sanayankhe. Yachiwiri anayankha kuti mwina kandodoko kanawombedwa ndi mphezi, ndipo zowonongeka ndi mphezi sakonza kwaulere. Nzoona kuti tindodo timeneti sititeteza ndege ku mphezi ndipo mphezi ikatigunda timapsa, koma kanga kanalibe chipsera ngakhale chimodzi, ndipo ndinawatumizira zithunzi pamodzi ndi zimene mita inaonetsa. Anavomera patatha masabata asanu ndi limodzi, pokhapokha nditabweza kakale ndi ndalama zanga, ndipo mtengo wotumizira unatsala pang'ono kufanana ndi mtengo wa kandodo katsopano. Nthawi yonseyi ndinkapewa mitambo, maulendo awiri ndinachita kuwalepheretsa.

Kandodo katsopano katamangidwa, phokoso linabwerera pa ulendo wachiwiri wa m'mitambo, lofanana ndendende ndi loyamba. Kunena zoona, tsiku limenelo ndinakwiya kwambiri, ndipo ndinauza aliyense amene anandifunsa kuti ndinataya ndalama pachabe.

Amene anandithandiza ndi makaniko wachikulire wodziwa za mawailesi a ndege. Nditamufotokozera kuti phokoso linkasintha ndikagwedeza chiwongolero, sanayang'anenso tindodo. Anapita kumchira ndi tochi, nagwada pansi pa chigawo chimene chimakweza ndi kutsitsa mphuno ya ndege, nagwira kawaya kolukidwa kamene kamalumikiza chigawocho ndi thupi la ndege podumpha hinjesi. Atakakoka pang'ono ndi chala, kanatsalira m'manja mwake. Kanali kataduka mkati mwa chomangira chake, kakungogwira ndi tiulusi tiwiri tobiriwira ndi dzimbiri. Kenako anamasula tsinde la kandodo kamodzi nandiitana kuti ndione ndekha: pansi pake panali penti yosapalidwa ndi ufa woyera wa aluminiyamu yodyeka. Tsinde limayenera kukhudzana ndi chitsulo choyera, chopinga chake chisafike ngakhale ohm imodzi, koma amene anamanga poyamba anangolikhomera pamwamba pa penti.

Anandifotokozera kuti magetsi a m'thupi lonse la ndege ankafuna kukafika ku tindodo ta kumchira, koma poti kawaya kanali kataduka, ankadumpha pampata wa hinjesi ngati timoto ting'onoting'ono, pafupi kwambiri ndi eriyo ya wailesi yachiwiri. Ndikagwedeza chiwongolero mpatawo unkasintha, nchifukwa chake phokoso linkasinthanso. Kandodo ndi mapeto chabe a njira, ndipo njirayo inali yoduka pakati. Anasintha mawaya onse a m'mahinjesi, napala penti pansi pa matsinde onse, napaka mankhwala oteteza dzimbiri amene salepheretsa magetsi kudutsa, nayezanso paliponse ndisanachoke.

Papita miyezi isanu ndi umodzi tsopano, ndipo ndadutsa m'mitambo yozizira kangapo mawailesi onse awiri akumveka bwino. Chatsala ndi kaphokoso kapansipansi m'chipale chofewa chouma, kamene makanikoyu akuti kakuchokera pa nsonga za mapiko za fiberglass, chifukwa magetsi amakhazikika pa zinthu zosadutsa magetsi kenako n'kuyenderera kupita kuchitsulo. Mankhwala ake ndi penti yapadera yodutsa magetsi pang'ono, ndipo ntchito imeneyo ndaiimika kaye mpaka nthawi yoyeza ndege ya pachaka. Bilu yachitatu ija inali ya kandodo kamene kanathyoka m'hang'ala (nyumba yosungiramo ndege) munthu wina atakakola ndi phewa, zomwe zandiphunzitsa kutiyang'ana tonse ndisananyamuke.

Ndikawerengetsa, ndalama zimene ndapereka kwa amakaniko zaposa katatu zimene ndinagulira tindodo. Pa tindodo penipenipo ndilibe dandaulo lalikulu, popeza kamodzi kokha ndi kamene kanali ndi chilema. Dandaulo langa lili pa ogulitsa, amene anandigulitsa katunduyu ngati mankhwala okwanira a phokoso, pepala lawo la malangizo osatchulapo za kupala penti kapena kuyeza mawaya a m'mahinjesi, ndipo vuto litabuka anathamangira kunamizira mphezi. Mnzanga uja ndamuuza kuti atigule, koma ayambe walipira makaniko kuti ayeze kulumikizana kwa zigawo zonse za ndege yake. Tindodo tiwiri tosungira timene ndikufuna ndaitanitsa kwa ogulitsa ena, amene ndisanalipire anandifunsa okha ngati matsinde anga anayezedwapo.