Miyezi 10 mu Mac App Store: zimene kusaina pulogalamu kwandiphunzitsa

Papita miyezi 10 chilowetsereni pulogalamu yanga mu Mac App Store, sitolo ya Apple ya mapulogalamu a makompyuta a Mac. Ndi kapulogalamu kakang'ono kothandiza kulemba mawu ojambulidwa pofunsa anthu mafunso, ndipo ndinakapanga ndi Electron, chida chopangira mapulogalamu a pakompyuta. Tsiku lomwe kanavomerezedwa ndinauza anzanga kuti zosainasaina (kudinda pulogalamu ndi satifiketi yochokera ku Apple yosonyeza amene waipanga) zatha. Ndinafulumira kulankhula.

Za ndalama n'zachidule. Umembala wa Apple Developer Program ndi madola 99 pachaka, ndipo ukapanda kulipira pulogalamu yako imachoka m'sitolo. Kwa ife olipira kuchokera ku Malawi, mutu umawawa pofuna madolawo pakhadi, choncho tsiku lolipiranso ndalilemba pakhoma kuti ndidzayambe kuyendera kubanki kudakali mwezi. Pa zogulitsa a Apple amadula 15 pa 100 ukalembetsa mu Small Business Program, ndondomeko yawo ya amalonda ang'onoang'ono. Ukaiwala kulembetsa amadula 30.

Chomwe chinandidyera nthawi kwenikweni ndi sandbox, mpanda woletsa pulogalamu kukhudza zinthu zina za pakompyuta. Kuyambira mu 2012, pulogalamu yatsopano yolowa m'sitoloyi imayenera kukhala mumpanda umenewu, ndipo china chilichonse chakunja kwa mpanda umachita kupempha kudzera mu zilolezo zotchedwa entitlements: intaneti, maikolofoni, kusindikiza, mafayilo. Ine ndinapempha chilolezo chotsegula mafayilo amene munthu wasankha yekha, n'kuyesa kuti basi. Patapita masabata, mayi wina wa ku Johannesburg anandilembera kuti akatseka pulogalamu n'kuitsegulanso mawa lake, ntchito yadzulo imaoneka pamndandanda koma siitseguka. Ndinaona ngati akulakwitsa ndi iwowo. Ayi ndithu, wolakwa ndinali ine. Chilolezo chija chimatha pulogalamu ikatsekedwa, pokhapokha utasunga security-scoped bookmark ya fayiloyo, kachizindikiro kokumbukira chilolezocho. Pakompyuta yanga sindinkaliona vutoli chifukwa ndinkayesera pulogalamu yosalowa mumpanda. Chiyambire pamenepo, chilichonse chimayamba chadutsa mu TestFlight, njira ya Apple yoyesera mapulogalamu asanatuluke, n'kugona usiku umodzi, ndisanachitumize.

Ngozi yachiwiri inali yochititsa manyazi. M'mwezi wachisanu ndi chimodzi ndinafufuta laputopu yonse kuti ndiyambirenso bwinobwino. Masatifiketi ndinati ndikawatenganso pa intaneti, ndipo ndinawapezadi. Koma satifiketi yopanda kiyi wake wachinsinsi ili ngati loko wopanda kiyi, ndipo kiyiyo amakhala mu Keychain (mosungira makiyi ndi mapasiwedi) ya makina amene unapemphera satifiketiyo, osati kwa Apple. Masatifiketi awiri am'sitolo, yosainira pulogalamu ndi yosainira phukusi la .pkg, ndinapanga ena madzulo omwewo, ndipo amene anagula kale sanamve kanthu. Satifiketi ya Developer ID ndiyo inandisowetsa tulo. Imeneyi ndi yosainira pulogalamu yogawidwa kunja kwa sitolo, ndipo ikathetsedwa anthu sangayikenso zimene unasaina nayo. Sindinaikhudze, ndinangopanga ina. Panopa makiyi onse ali m'mafayilo a .p12 okhala ndi pasiwedi, m'malo awiri osiyana.

Mwina mukufunsa kuti ya kunja kwa sitoloyo ndi yachiyani. Mabungwe ena safuna ogwira ntchito awo azigula ndi Apple ID yawoyawo, amafuna invoisi ndi fayilo ya .dmg. Ndiye ndimamanga pulogalamuyi kawiri. Electron ili ndi mtundu wake wapadera wa m'sitolo wotchedwa mas, pomwe yakunjayo imafuna hardened runtime (chitetezo choonjezera pulogalamu ikamagwira ntchito) ndi notarization (kutumiza pulogalamu ku Apple kuti aiunike n'kuipatsa tikiti), zomwe zinayamba kukakamizidwa ndi macOS Catalina mu 2019. Malangizo akale ambiri a pa intaneti amatchulabe chida cha altool pochita notarization, koma njira imeneyo inatsekedwa pa 1 Novembala 2023. Gwiritsani ntchito notarytool, ndipo musaiwale stapler, chida chomata tikitiyo pafayilo. Mfundo ya stapler njofunika kwathu kuno: tikiti ikamatidwa pafayilo, kompyuta imatha kutsimikiza pulogalamu ngakhale netiweki itathawa.

Miyezi itatu yoyamba ndinkachita zonsezi pamanja, nditatsegula kope pambali, ndipo kawiri konse ndinatumiza phukusi osakweza nambala ya CFBundleVersion (yosiyanitsa phukusi latsopano ndi lakale), n'kubwezedwa pakhomo. Tsopano script imodzi (mndandanda wa malamulo omwe kompyuta imatsatira yokha) imakweza nambala, imasaina tizigawo tamkati isanasaine pulogalamu yonse, imamanga ya makompyuta a Intel ndi ya a Apple silicon pamodzi, kenako imafunsa chida chosainira cha codesign ngati zonse zili bwino. Ntchito ya tsiku lathunthu ikutha ndisanamalize kapu ya tiyi, kupatula kudikira kuti mafayilo akwere.

Kodi ndilipiranso chaka chamawa? Inde. Misonkho ya maiko ena, kubweza ndalama ndi kutumiza zosintha kwa ogula, zonsezo sitolo imandisenzera, ndipo pandekha sindikanazitha. Koma pulogalamu yanga yotsatira ikufunika kuyendayenda m'mafoda ambiri munthu asanaiuze, ndiye imeneyo m'sitolo sindiyesa n'komwe. Idzatuluka ndi Developer ID yokha.