Miyezi 14 ndikuuluka ndi mawaya omwe ndinalumikiza ndekha

Ndege yanga yaing'ono ya anthu awiri, yomwe ndinaimanga kwa zaka zitatu mu hangar (nyumba yosungiramo ndege) ina kunja kwa Johannesburg, yakwanitsa miyezi 14 chiyambire kuuluka, ndipo yadutsa maola 90. Nditangomaliza kuimanga ndinayamikira kwambiri njira yomwe ndinatsata pa magetsi: mafyuzi onse pa bolodi limodzi, mawaya onse a negetivu kukakumana malo amodzi pa chitsulo cholekanitsa injini ndi pokhala anthu, ndiponso waya aliyense kukhala ndi nambala yake kumutu ndi kumapeto. Nthawi imeneyo ndinali ndisanaone dzinja lotentha la kuno kumtunda. Tsopano ndaliona.

Injini ndi Rotax 912 ULS. Jenereta yake ili mkati momwe, imatulutsa ma watt 250, ndipo imafuna regulator (kachipangizo kowongolera magetsi opita ku batire) ndi capacitor (kosunga magetsi kwa kanthawi) ya 22,000 µF. Chimene chimandikhazika mtima pansi n'chakuti moto wa mapulagi sudalira batire, uli ndi makoyilo akeake. Magetsi atazima onse, injini imapitirira kulira. Ndinkazidziwa bwino zimenezi tsiku lomwe vuto linayamba, koma manja anatuluka thukuta ndithu.

Munali mu December, ndikubwerera madzulo. Nditayatsa nyali yoterera, nyali zothwanima ndi pampu ya mafuta, kutentha kwa oyilo pa sikirini ya pa dashibodi kunalumpha kuchoka pa 98 kufika 118 m'kanthawi kochepa. Malire a injini imeneyi ndi madigiri 130. Nditazimitsa nyali zija nambala inabwerera pa 98. Oyilo satentha ndi kuzizira mwachangu chotero, choncho ndinadziwa kuti chikunama ndi choyezera, osati injini. Ndinatera bwinobwino.

Apa m'pamene ndinataya masabata atatu ndi ndalama. Ndinasintha sensa ya oyilo, palibe chinasintha. Ndinatenga mita yanga n'kuyeza ma ohm (muyeso wa momwe waya akukanizira magetsi kudutsa) pa waya aliyense wa negetivu, yonse inaonetsa pafupifupi ziro, ndinati mawaya ali bwino. Ndinayamba kukayikira sikirini, chinthu chodula kuposa zonse pa dashibodi.

Anandiwongola ndi bambo wina wachikulire, Approved Person (katswiri wovomerezeka) amene amayendera ndege yanga chaka ndi chaka kuti a SACAA, bungwe loyang'anira za ndege ku South Africa, andipatse Authority to Fly, chilolezo choulutsira ndegeyo. Anandifunsa funso limodzi lokha: poyeza paja, nyali zinali zoyaka? Zinali zozima. Anati mita ikamayeza ma ohm imatumiza magetsi ochepetsetsa, moti ngakhale kachingwe kamodzi ka kopa kotsala pa waya wothothoka kamaoneka ngati njira yabwino. Anandiuza kuti ndiike mita pa ma volt, nsonga imodzi pa thupi la injini, inayo pa negetivu ya kuseri kwa dashibodi, kenako ndiyatse zonse.

Zonse zili zozima mita inaonetsa 0.02. Nditayatsa inaonetsa 0.43. Pa ma amp pafupifupi 8, amenewo ndi ma ohm 0.05 okha, ochepa kuposa a zingwe za mita yangayo, n'chifukwa chake sindinkawaona. Koma sensa ya oyilo imatenga negetivu yake pa thupi la injini pomwe sikirini imatenga pa dashibodi. Malo awiriwo akasiyana ndi theka la volt, sikirini imawerenga kusiyanako ngati kutentha. Buku la AC 43.13-1B la FAA, bungwe loyang'anira za ndege ku America, limalola kutsika kwa 0.5 volt pa dera lonse la ma volt 14 lomwe likugwira ntchito mosalekeza, ndipo ine ndinali nditatsala pang'ono kuimaliza pa waya mmodzi.

Tinatsata waya wa negetivu wa ku dashibodiwo ndi tochi. Pomwe umalowa mu terminal (kachitsulo kolumikizira komwe kamapanidwa kumapeto kwa waya), pulasitiki yofiira inali itasanduka yofiirira ngati chimanga chowauka mbali imodzi. Bambo aja anaukoka ndi zala ziwiri, unasololoka. Zingwe zake zinali zakuda, ndipo chizindikiro cha chopanira chinali chitagwera pambali, theka pa chitsulo theka pa pulasitiki. Ndinapana ndekha, ndi kapulayazi kotchipa komwe ndinagwiritsa ntchito miyezi yoyamba ndisanagule chopanira cha ratchet, chomwe sichimasula mpaka chitafinya mokwanira. Zinandiwawa, chifukwa ndinkadziwa kuti ena ambiri ndinawapana ndi chida chomwecho.

Kumapeto kwa sabata ziwiri ndinakhala chagada pansi pa dashibodi, miyendo ili pa mpando, ndikukoka terminal iliyonse. Zinayi zinasololoka. Imodzi inali pa pulagi ya regulator, pa waya wachikasu wochokera ku jenereta, ndipo nayonso inali itayamba kupsa. Iyo inandifotokozera chinthu china chomwe ndinkachinyalanyaza: masiku otentha ma volt ankatsika kuchoka pa 14 kufika 13.2 ndikauluka kupitirira ola. Regulator imeneyi siyenera kupyola madigiri 80, ndipo ine ndinaiika pafupi kwambiri ndi ekizozi pofuna kufupikitsa mawaya. Ndinaisamutsa, n'kuikokera kapaipi ka mphepo. Chisamutsire, ma volt akhazikika pakati pa 13.9 ndi 14.1, ngakhale mu January.

Nanga njira ija ndikuiyamikirabe? Kukumanitsa ma negetivu malo amodzi, inde, kopanda kukayika. Vuto litadziwika tinali ndi malo amodzi oyang'ana, osati mabawuti makumi awiri omwazikana m'thupi la ndege. Manambala a pa mawaya ndi chithunzi cha mawaya chomwe ndimasunga m'pulasitiki mu hangar zinatipulumutsa maola ambiri. Waya wokutidwa ndi pulasitiki ya Tefzel sunasinthe maonekedwe ngakhale pafupi ndi injini. Fyuzi sinapsepo n'imodzi yomwe.

Chomwe ndikanasintha ndi kuika bolodi la mafyuzi pamalo oti ndifikepo osagona chagada. Ndikanakokanso waya wa negetivu wa sikirini wokhawokha mpaka pa chitsulo chokumanirapo ma negetivu chija, osaugawana ndi nyali, ndipo pano ndatero. Jenereta ya ma watt 250 ikundikwanira, koma injini ikamalira pang'onopang'ono pansi, nyali zonse zili zoyaka, batire ndi yomwe imanyamula katundu, choncho nyali yoterera ndinaisintha kuika ya LED.

Kachiphokoso ka nyali zothwanima kamamvekabe pang'ono m'mahedifoni ndikatsitsa mawu a wailesi. Ndikukayikira chophimba cha waya wa maikolofoni, chomwe mwina ndinachilumikiza ku negetivu mbali zonse ziwiri m'malo mwa imodzi. Ndidzachitsegula mwezi wamawa poyendera ndege pa maola 100, ndipo kapulayazi kaja ndinakachotsa kale m'bokosi la zida za ndege.